"Ndakhuta, Amama": Chikondi Chitani Mwana Akamakana Chakudya?



Palibe mawu ochotsa kutopa kwa mayi ngati akuti, "Ndakhuta, Amama." Mwapita kuchigayo, mwathyola chiwawa kudimba, mwasinja mtedza, mwavundula nsima utsi uli m'maso, ndipo mwana akasamba m'manja n'kunena mawu amenewa mumadziwa kuti tsiku layenda bwino.

Tsono taganizirani nyumba ina, kaya kuno ku Madzimoyo, kaya ku Kapata m'tauni ya Chipata. Mtsikana wa zaka 16 wabwera ku tchuthi kuchokera ku sukulu yogonera konko. Siketi imene munamusokera mu Januwale yamukulira, akuimanga ndi pini. Ntchito akugwira kuposa kale. Ndiye akuphika, ndiye akupakula, ndiye akukapereka madzi osamba m'manja kwa atate ake. Koma mukati, "Bwera tidye," yankho ndi lomwe lija: "Ndakhuta, Amama, ndalawa pophika." Tsiku lina mukupeza mtanda wake wa nsima kuseri kwa nkhokwe, agalu akulimbirana. Mwapita naye kukiliniki. Malungo alibe, TB alibe, HIV alibe, shuga alibe, ndipo si woyembekezera. Ufa m'nyumba ulimo. Koma mwana akutha inu mukuona.

Kodi chikondi chikuti muchite chiyani? Mumukakamize ngakhale akulira? Kapena mumusiye, poti wakula ndipo mimba ndi yake? Nanga walakwa ndani, iye kapena inu? Mafunso amenewa ndiwo ndikufuna tilingalire pamodzi.

Matendawa ali ndi dzina

Choyamba tidziwe chimene tikulimbana nacho. Pali matenda a maganizo amene amasokoneza kadyedwe ka munthu. Oyamba amatchedwa anorexia nervosa, dzina limene anapereka dokotala wa ku London, William Gull, mu 1873. Wodwala amadzimana chakudya mpaka kuonda koopsa, ndipo nthawi zambiri amaopa kwambiri kunenepa. Akadziyang'ana pagalasi amadziona wonenepa pamene nthiti zikuwerengeka. Achiwiri ndi bulimia nervosa, amene dokotala Gerald Russell anawafotokoza mu 1979. Munthu amadya chakudya chambiri nthawi imodzi mobisa, osatha kudziletsa, kenako chifukwa cha manyazi ndi mantha amadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Wotereyu thupi lake limatha kuoneka labwinobwino, n'chifukwa chake pamapita zaka a m'nyumba osadziwa. Achitatu ndi kudya mopyola muyeso kobwerezabwereza popanda kusanza, kumene kumasiya munthu ali wachisoni ndi wodzida.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 14 miliyoni anali ndi matenda a mtundu umenewu, ndipo pafupifupi 3 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Kawirikawiri amayamba mwana akangotha msinkhu. Amagwira kwambiri atsikana, koma anyamata ndi amayi aakulu omwe amadwala.

Tisawaone mopepuka. Anorexia ili m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri. Thupi likasowa chakudya msambo umaleka, tsitsi limathothoka, mafupa amafooka, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo munthu amamva kuzizira ngakhale m'dzuwa la Okutobala. Kusanza pafupipafupi kumawononga mano, komanso kumachotsa m'magazi mchere wotchedwa potaziyamu umene mtima umadalira. Woimba wotchuka wa ku America, Karen Carpenter, anamwalira mu 1983 ali ndi zaka 32, mtima utalephera chifukwa cha anorexia.

"Amenewo ndi matenda a azungu"

Wina anena kuti zimenezi ndi za anthu okhuta a kunja. Madokotala omwe anaganiza choncho kwa nthawi yaitali. Koma mu 1984 madokotala awiri analemba za mayi wachitsikana wachikuda wa ku Zimbabwe amene anadwala anorexia, ndipo mu 1995 a ku South Africa analembanso za odwala achikuda a kumeneko. Ku Ghana, kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 anayeza atsikana 668 a sekondale a kumudzi, napeza 10 amene anali oonda koopsa popanda matenda ena alionse, chifukwa chodzimana okha chakudya. Atsikanawo sankanena za kuopa kunenepa. Ankafotokoza kudzimana kwawo m'mawu a chipembedzo, monga kudziletsa ndi kusala kudya. Mfundo imeneyi tibwererako.

Mverani zimene zinachitika pa zisumbu za Fiji, kumene anthu ankayamikira thupi lodzaza monga timachitira ife. Wailesi yakanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995. Chaka chimenecho dokotala Anne Becker ndi anzake atafunsa atsikana a sukulu, palibe amene ananena kuti amadzisanzitsa kuti aonde. Pofika mu 1998, pafupifupi 11 pa 100 alionse anavomera kuti amatero. Ana athu ali ndi choposa wailesi yakanema, ali ndi foni m'manja, TikTok ndi Facebook zili momwemo. Pafoni akuuzidwa kuti ndi wonenepa, ndipo akutsatsidwa tiyi woondetsa. Kumudzi akuuzidwa kuti ndi woonda, ndipo wina akumulozera mapiritsi onenepetsa. Thupi limodzi lomwelo, aweruzi mbali zonse.

Komabe zithunzi pazokha sizidwalitsa munthu. Akatswiri apeza kuti pamakumana zinthu zingapo: chibadwa chochokera kumtundu, mtima wankhawa wofuna kuchita chilichonse mosalakwitsa, kunyozedwa ndi anzake, kuchitiridwa nkhanza, maliro, kapena mantha a mayeso.

Kodi si tchimo kukana chakudya?

Pano ndi pamene mitima yathu imavutika, chifukwa ife njala timaidziwa. Ambiri a ife tikukumbukira chilala cha 1992. Tonse tinaona cha 2024, pamene pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho chinali tsoka la dziko lonse. Mayi amene anaonapo chimanga chikupserera m'munda akapeza nsima itatayidwa kuseri kwa nkhokwe, mkwiyo umabwera wokha: "Anzako akugona ndi njala, iwe ukudyetsa agalu!" Mkwiyo umenewu ndi womveka. Koma tisanaweruze, tifunse ngati mwanayo ali ndi mphamvu yosankha imene tikumuganizira.

Mu 1944 ndi 1945, pa yunivesite ya Minnesota ku America, katswiri Ancel Keys anafufuza zimene njala imachita kwa munthu. Amuna 36 athanzi ndi a maganizo abwino anadzipereka okha. Kwa masabata 24 anapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo, ndipo anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa matupi awo. Chimene chinadabwitsa ndi kusintha kwa khalidwe lawo. Anasanduka aukali ndi achisoni, anayamba kupewa anzawo, ankangoganiza za chakudya usana ndi usiku, ena ankasonkhanitsa mabuku a kaphikidwe, ena ankatha nthawi yaitali akuseweretsa chakudya chochepa m'mbale. Amenewa sanali odwala anorexia. Inali ntchito ya njala yokha.

Phunziro lake ndi lakuti ubongo wosowa chakudya suganiza bwino. Makani, mabodza, ukali ndi kudzipatula kumene mukuona mwa mwana wanu, mbali yaikulu ndi zipatso za njalayo. Mwina poyamba anasankhadi kuchepetsa nsima, koma nkhwali imalowa yokha mu msampha, sidzimasula yokha. Mwana wa khunyu akagwera pamoto sitimumenya, timamuchotsa. Ndi mmenenso tiyenera kuchitira pano: tisiyanitse mwana ndi matenda. Bodza likhalabe bodza, ndipo tingamuuze mofatsa kuti taona nsima ija. Koma mdani wathu ndi matendawo, mwana ndiye wogwidwa.

Phunziro lina ndi lakuti chakudya ndicho mankhwala oyamba. Malangizo ndi uphungu sizilowa bwino m'mutu wa munthu wanjala.

Kodi ndalakwa ndine?

Mayi aliyense wotere amagona akudzifunsa funso limeneli, ndipo anthu samusowetsa mayankho. Ena ati ndi mdulo, makolo sanadzisunge. Ena ati ndi kaliwondewonde, akubisa chabe. Ena ati wamulodza, ndipo chala chiloza kwa ambuya ake kapena kwa mayi womupeza. Banja limene limafunika kugwirana manja limayamba kugawikana.

Madokotala nawonso anayamba ndi kuloza banja chala. Gull uja ankaona kuti achibale ndiwo osayenera kwambiri kusamalira wodwala wotere. Mu 1873 momwemo, dokotala wa ku Paris, Charles Lasègue, anaona kuti banja limangokhala ndi zida ziwiri, kuchonderera ndi kuopseza, ndipo zonse ziwiri zimangolimbitsa makani. Kwa zaka zambiri njira inali yochotsa mwana pakati pa makolo, ndipo mlandu unkagwera kwambiri amayi.

Zinthu zinasintha pa chipatala cha Maudsley ku London kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Akatswiri monga Christopher Dare ndi Ivan Eisler anayesa njira ina, yoitana makolo kuti akhale gawo la chithandizo. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 1987 zinaonetsa kuti amene anayamba kudwala asanakwane zaka 19, ndipo anadwala kosapitirira zaka zitatu, anapeza bwino kwambiri pothandizidwa pamodzi ndi banja kusiyana ndi pothandizidwa paokha. Lero m'maiko ambiri imeneyi ndiyo njira yoyamba yothandizira achinyamata odwala anorexia, ndipo akatswiri amakana chiphunzitso chakuti makolo ndiwo gwero la matendawa.

Choncho, mayi mnzanga, tulani katundu ameneyo. Funso lakuti walakwa ndani silinenepetsa mwana. Funso lothandiza ndi lakuti, ndani akhale naye pambale madzulo ano? Pokhapo ngati m'nyumba muli nkhanza kapena wina akugwiririra mwanayo, chimenecho sichiyenera kubisidwa. Chiyenera kuletsedwa ndi kukanenedwa.

Pakati pa chikwapu ndi kunyanyala

Tibwerere ku funso lathu loyamba. Njira imodzi ndi ya chikwapu: kukalipa, kumenya, kumuchititsa manyazi pamaso pa abale, kumukanikiza nsima m'kamwa. Imeneyi imawonjezera mantha, ndipo mantha ndiwo chakudya cha matendawa. Njira ina ndi yonyanyala: "Msiyeni, akamva njala adya yekha." Imaoneka ngati ulemu, ndipo timaithandizira ndi mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma matenda awa amatseka makutu a munthu kuti asamve m'mimba mwake. Mukadikira kuti atsekule yekha, mwina mudzadikira mpaka mochedwa.

Timalemekeza chosankha cha munthu chifukwa chimachokera mu mtima womasuka. Pamene amene akuyankha ndi matenda, kumusiya ndi kumutaya. Kumbukirani mmene mumachitira mwana akakana mankhwala a malungo. Simunena kuti ndi ufulu wake, ndiponso simumukwapula. Mumamufungata, mumamulankhula, ndipo simuchoka mpaka ameze. Chikondi chimene chikufunika pano ndi chomwecho, cholimba pa chakudya koma chofatsa kwa munthu.

Njira ya ku Maudsley ija ili ndi magawo atatu. Poyamba makolo, motsogoleredwa ndi a chipatala, amatenga udindo wonse wa chakudya cha mwana. Kwathu kuno zimenezi zikutanthauza kusintha zizolowezi zina. Kudyera mbale imodzi ndi mwambo wabwino, koma kumabisa amene sakudya, choncho kwa kanthawi mwanayo akhale ndi mbale yakeyake kuti muone chimene chalowa. Mupumitseni ntchito yophika ndi yopakula, chifukwa kukhitchini ndiko kobisalira. Adye katatu pa tsiku, ndi tina tapakati monga phala la mtedza, nthochi, mbatata, mkaka kapena thobwa. Khalani naye pamphasa ngakhale patenge ola lathunthu, ndipo akatha kudya khalani nayebe kanthawi mukucheza kapena kusankha nyemba, kuti asathamangire kuchimbudzi kukasanza.

Mawu akhale ochepa ndi odekha: "Mwananga, ndikudziwa kuti ukuopa. Sindinakukwiyire. Koma nsima iyi ndi mankhwala ako, ndipo ndikhala pompano mpaka ithe." Adzalira. Mwina adzati, "Amama, mumandida." Musatsutsane naye, ndipo musachoke.

A m'nyumba onse alankhule chimodzi. Amayi akati adye, ambuya asati, "Msiyeni mdzukulu wanga." Atate nawo asangomva nkhaniyi ali pakhonde ndi mbale yawo. Atsike adzakhale pamphasa, chifukwa mwana akaona makolo onse awiri ali chimodzi, matenda amasowa polowera. Kumene kulibe atate, azakhali, amalume kapena mkulu wake angagwire ntchito imeneyi.

Gawo lachiwiri limafika thupi likayamba kubwerera. Pang'onopang'ono mumamubwezera udindo wodzipakulira yekha. Gawo lachitatu ndi kumuthandiza kubwerera ku moyo wa msinkhu wake: sukulu, kwaya, anzake. Udindo uja munangobwereka, cholinga chake n'choti mudzaubweze.

Ngati wodwala ndi wamkulu, monga mng'ono wanu kapena mpongozi, simungamulande mbale ngati mwana. Mufunseni mmene mungamuthandizire, idyani naye, muperekezeni kuchipatala, ndipo musatope kubwereranso.

Ulendowu umatenga miyezi, nthawi zina zaka, ndipo umakhala ndi masiku obwerera m'mbuyo. Koma ambiri amapeza bwino, makamaka akathandizidwa msanga.

Lilime lathu pakhomo la tchalitchi

Amayi, tidziyang'ane. Moni wathu amakonda kudzera pa thupi. "Koma wanenepa!" "Iwe, waonda bwanji, kusukuluko sakukudyetsani?" Timanena mwachikondi, ndipo kwa ambiri a ife kunenepa ndi chizindikiro cha mtendere. Tikudziwanso chimene kuonda kunkatanthauza m'zaka zimene Edzi inatilanda abale ambiri, mankhwala a ARV asanafike, ndipo mantha amenewo sanatichoke. Koma kwa mtsikana amene akuchira, mawu akuti "wanenepa, tsopano ukuoneka bwino" angathe kugwetsa ntchito ya miyezi itatu Lamulungu limodzi. Iye samva chiyamikiro, amamva kuti chimene ankachiopa chachitika.

Tiphunzire moni wina. "Takusowa, mwanawe." "Unaimba bwino lero." "Sukulu ikuyenda bwanji?" Ndipo tisamadzinyoze matupi athu ana akumva, kapena kupatsa ana maina onyoza thupi, ngakhale mwanthabwala. Alangizi, polangiza atsikana otha msinkhu muwauzenso kuti kukula kwa chiuno ndi mabere pa msinkhu umenewu ndi kwachibadwa, ndipo kuti thupi lofuna kukula limafuna chakudya.

Nanga akati akusala kudya?

Tsopano tibwerere kwa atsikana a ku Ghana aja. Mtsikana wopemphera akamadzimana chakudya, mpingo ungathe kumuyamikira pa chinthu chimene chikumupha. Kale ku Italy, Catherine wa ku Siena anasala kudya mpaka thupi linakanika kulandira chakudya, ndipo anamwalira mu 1380 ali ndi zaka 33, ngakhale omutsogolera m'zauzimu ankamuuza kuti adye.

Kodi tingasiyanitse bwanji? Kusala kwenikweni kuli ndi chiyambi ndi mathero, ndipo wosalayo akamaliza amadya mothokoza. Kudzimana kwa matenda kulibe mathero. Kumawonjezeka sabata ndi sabata, kumayenda ndi mantha, ndipo munthuyo akadya amadziona ngati wachimwa. Ife a Reformed timaphunzitsa kuti chisomo sichigulidwa ndi ntchito. Ngati sichigulidwa ndi ntchito, sichigulidwanso ndi njala. Munthu wodwala matendawa, kapena amene akuchira, asalowe m'kusala kudya kwa mtundu uliwonse, monganso sitilola wodwala shuga kapena mayi woyembekezera. Ndipo wina akakuuzani kuti mwanayo ali ndi chiwanda, asale masiku asanu ndi awiri kuti chituluke, kanani. Kumeneko ndi kuthira palafini pamoto. Pemphererani mwana, koma pempherani mbale ili patsogolo pake.

Mnzake amene wasunga chinsinsi

Nthawi zambiri woyamba kudziwa si mayi. Ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi kusukulu, amene amamva kusanza usiku, kapena amene amapatsidwa nsima ya mnzake tsiku ndi tsiku. Ndipo amalumbiritsidwa: "Usauze munthu." Apa pali funso lina lovuta. Kodi kuulula si kupereka mnzako?

Chinsinsi timachisunga chifukwa cha ubwino wa mwini wake. Chikayamba kumupha, kuchisunga kwasanduka kuthandiza matenda. Tiphunzitse ana athu njira yaulemu. Ayambe alankhula ndi mnzawoyo paokha: "Ndaona kuti sukudya, ndipo ndikuda nkhawa. Tiye tikauze matroni kapena amayi ako. Ndipita nawe." Akakana, amuuze poyera kuti, "Ndikauza munthu wamkulu mmodzi, chifukwa ndimakukonda." Munthu mmodzi woyenera, osati kalasi lonse, osatinso gulu la WhatsApp. Mnzakeyo angakwiye kwa kanthawi, koma mkwiyo umatha, maliro sabwezedwa.

Ntchito ina ya mabwenzi ndi kusasiya kumuitana. Matendawa amapatula munthu. Mnzake amene amabwerabe kudzaluka naye tsitsi ndi kukamba nkhani zina zosakhudza chakudya amamukumbutsa kuti iye ndi woposa matenda ake.

Banja silili m'malo mwa chipatala

Zonse tanenazi zimayendera limodzi ndi a chipatala. Kuonda kuli ndi zifukwa zambiri, choncho yambani kukiliniki kuti ayeze TB, HIV, shuga, njoka za m'mimba ndi zina. Kumeneko nenani zonse zimene mwaona, monga kubisa chakudya, kusanza, kuleka msambo, ndi kuopa kunenepa, chifukwa wodwala yekha sanganene. Pemphani kuti akutumizeni kwa oona za matenda a maganizo ku Chipata Central Hospital. Chipatala chachikulu cha matenda amenewa m'dziko lathu ndi Chainama Hills ku Lusaka. Musaope kuti anthu ati mwana wanu wapenga. Lamulo la 2019 loona za umoyo wa maganizo m'Zambia limateteza ulemu ndi ufulu wa odwala otere. Mwana kapena mnzake wosowa womuuza angathe kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati akukomoka, akumva kupweteka pachifuwa, mtima ukugunda mosalongosoka, akukana ngakhale madzi, akusanza magazi, kapena akulankhula zofuna kudzipha. Dziwaninso ichi: munthu amene wakhala nthawi yaitali osadya ndipo waonda kwambiri sayenera kupatsidwa chakudya chambiri mwadzidzidzi. Mchere wa m'magazi umatha kusokonezeka, mtima n'kuima. Wotereyu ayambe kudya moyang'aniridwa ndi dokotala.

Ife a Chigwirizano

Mutu umodzi susenza denga. Mayi amene akukhala pambale ndi mwana wodwala katatu pa tsiku amatopa, munda umatsalira, ana ena amaiwalika. Ife timadziwa kuyendera odwala, timadziwa kutunga madzi ndi kuphika pamaliro. Tingathenso kumupalirira mnzathu munda, kumutengera ana aang'ono kwa tsiku limodzi, kumusonkhera ndalama ya ulendo wa kuchipatala, kapena kungokhala naye iye akulira. Koma tisamale kuti pemphero lisasanduke miseche. Nkhani ya mwana wa mnzathu isatchulidwe pagulu popanda chilolezo cha banja ndi cha mwanayo. Ndipo tisapite tonse kukamuzungulira ndi kumuyang'anitsitsa akudya. Mayi mmodzi kapena awiri amene iye amawakhulupirira akwanira.

M'Malemba muli nkhani ziwiri zimene zimandilimbitsa pa nkhaniyi. Eliya atatopa m'chipululu mpaka kupempha imfa, mngelo sanamudzudzule. Anamukhudza, namupatsa mkate ndi madzi, ndipo anabweranso kachiwiri (1 Mafumu 19). Ndipo Ambuye Yesu ataukitsa mwana wamkazi wa Yairo, wa zaka 12, analamula kuti mwanayo apatsidwe chakudya, atate ndi amayi ake ali pomwepo (Marko 5). Chozizwitsa anachita ndi Iye, koma mbale anaisiya m'manja mwa a m'nyumba.

Tsono mayi mnzanga, ngati m'nyumba mwanu muli mwana amene akuti wakhuta pamene sanadye, musamumenye, musamusiye, ndipo musadziimbe mlandu. Pitani naye kuchipatala sabata ino. Uzani mnzanu mmodzi wokhulupirika. Madzulo yalani mphasa, pakulani mbale ziwiri, ndipo khalani naye.

Mafunso okambirana pa msonkhano

1. Ndi mawu otani okhudza thupi amene timakonda kunena popatsana moni, ndipo tingawasinthe ndi ati?
2. Mwana wanu atakuuzani kuti mnzake sakudya koma wamulumbiritsa kuti asaulule, mungamulangize chiyani?
3. Kodi gulu lathu lingathandize bwanji banja lotere popanda kufalitsa nkhani yake?

Ambuye akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu.